Ndinakongoletsa chithunzi, agogo n'kukolola zitsononkho

Anzanga ogwira ntchito yofalitsa nkhani m'mabungwe omwe si a boma akakumana, amakonda kusimba za zithunzi zawo zimene zinatamandidwa. Wina amanena za chithunzi chimene chinaikidwa pachikuto cha lipoti la pachaka, wina za chimene chinapachikidwa pakhoma la ofesi yaikulu kutsidya kwa nyanja. Ine ndili ndi chithunzi chimodzi chimene sindichionetsa kawirikawiri, ngakhale kuti chinandiphunzitsa zambiri kuposa zonse zimene ndajambula m'zaka 9 za ntchitoyi. Ndi chithunzi cha chimanga chofika m'maondo, chobiriwira mochititsa kaso, koma chimangacho sichinabiriwirepo chotero ndi tsiku limodzi lomwe. Lero ndafuna ndikusimbireni nkhani yake, inu alimi ndi inu anzanga ogwira ntchito m'madera, popeza masiku ano ulangizi wambiri wa ulimi ndi wa zaumoyo ukuyenda pa zithunzi za pafoni.

Ndimakhala ku Cowdray Park, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, kupitirira Luveve. Derali linayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo linakula kwambiri kuchokera mu 2005 pamene boma linagawa malo pansi pa ndondomeko ya Hlalani Kuhle. Kalembera wa 2022 anapeza kuti kuno kumakhala anthu oposa 70,000. Pakati pa anthu amenewa tilipo ife zidzukulu za amene anachokera ku Nyasaland. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito ya njanji, nakhazikika ku Sizinda, ndipo Chichewa chimene ndikulemba pano ndinachiphunzira pakhonde pawo. Koma ine ndinabadwira ndi kukulira m'tauni. Khasu ndimalidziwa polijambula, ndipo umbuli umenewu uli ndi gawo lake m'nkhaniyi.

Pafupi ndi kwathu pali mayi wina wachikulire amene tonse timangomutcha kuti agogo. Amuna awo, omwe anali a ku Dedza, anamwalira kalekale, ndipo iwo akulera zidzukulu zitatu. Monga amachitira anthu ambiri kuno, mvula ikagwa amalima chimanga pa kamunda ka dothi la mchenga kumalire a nyumba. Chaka chabwino amakolola matumba anayi, ndipo matumba amenewo ndi amene amawathandiza kuti ndalama zochepa zimene mwana wawo amatumiza kuchokera ku Johannesburg zipite ku sukulu m'malo mogula ufa. Chuma chawo china ndi nkhuku zochepa za chikuda. Agogowa anali m'gulu la alimi 12 a m'dera lathu amene bungwe lathu linkawapatsa ulangizi.

Mu January 2021 zinthu ziwiri zinakumana. Mvula inali kugwa yambiri zedi, pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo pa 5 January boma linakhwimitsanso malamulo a kayendedwe pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Makombi anali ataletsedwa kale, mabasi anali ochepa, ndipo bungwe lathu linauza antchito kuti azigwirira ntchito kunyumba. Mlangizi wathu wa zaulimi amakhala kutsidya lina la mzinda. Tinagwirizana kuti popeza ine minda ndili nayo pafupi, ndizijambula ndi kumutumizira zithunzi, ndipo iye aziyankha pafoni. Tinkaona ngati nzeru yabwino, ndipo ndikhulupirirabe kuti inali yabwino. Cholakwika chinalowera pa manja anga.

Tsiku lina madzulo mvula itakata ndinazungulira minda yonse 12, ndipo kwa agogo ndinafika dzuwa litapendeka. Anandilandira ndi funso. “Mwana wanga, chimangachi sichikundisangalatsa. Ukawafunse alangiziwo ngati ndigulitse nkhuku ziwiri ndigule feteleza wobereketsa, kapena ndidikire.” Kuno feteleza ameneyu ndi AN, amene amagwira ntchito yomwe Urea amagwira ku Malawi, ndipo amagulitsidwanso pang'onopang'ono poyeza pa sikelo. Ndinawalonjeza kuti yankho libwera mawa lake. Ndinajambula munda wonse uli chiimire, dzuwa lofiirira la madzulo likuwomba masamba. Ndinaona ndithu kuti masamba a m'munsi anali achikasu, koma mumtima ndinati ndi kuwala kwa dzuwa lolowa.

Usiku umenewo ndinatsegula laputopu n'kuchita zimene ndinazolowera kuchita ndi chithunzi chilichonse chisanachoke m'manja mwanga, ndiko kuchikonza. Makina ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo kamene kukada kamachepetsa kuwala kwa buluu pa sikirini kuti maso asatope, ndipo kakayaka chilichonse chimaoneka chachikasu pang'ono ngati chili pafupi ndi nyali ya palafini. Pa laputopu yanga kanali koyaka, ine osakumbukira. Zithunzi zonse zinandionekera zachikasu mopitirira. Ndinachepetsa chikasucho mpaka maso anga atakhutira, kenaka ndinakoka kachingwe kena ka m'pulogalamu kamene kamasandutsa chikasu kuti chiyandikire kubiriwira, monga ndinkachitira ndi zithunzi za m'malipoti. Makonzedwe amodzi omwewo ndinawapaka pa zithunzi zonse 40. Ndinachotsa chikasu cha dzuwa, ndinachotsa chikasu cha sikirini, ndipo mosadziwa ndinachotsanso chikasu cha njala ya mbewu.

M'mawa mlangizi anayang'ana zithunzizo pafoni yake. Za minda ina anafunsa mafunso, koma za munda wa agogo anayankha mwachidule kuti chimanga chili bwino kwambiri, manyowa amene anathira pobzala akugwirabe ntchito, ndipo palibe chifukwa chogulitsira nkhuku. Uthengawo ndinaupereka ndekha, mokondwa, poganiza kuti ndapulumutsa nkhuku ziwiri. Agogo anandiyang'ana, nayang'ana munda wawo, n'kunena kuti, “Chabwino, ophunzira ndinu.” Mawu amenewo sanachoke m'makutu mwanga mpaka lero. Maso awo a zaka zoposa 60 za ulimi anali ataona zoona, koma anagonjera chithunzi chifukwa chinadutsa pa kompyuta.

Mlangizi anadzafika ku Cowdray Park chapakati pa February, chimanga chitayamba kumasula ngayaye chili chachifupi ndi choonda. Anathyola tsamba limodzi la m'munsi n'kundionetsa. Chikasu chinayambira kunsonga n'kutsika chotsata msana wa tsamba, chooneka ngati chilembo cha V. Anandifotokozera kuti chimenechi ndi chizindikiro cha kusowa kwa nayitirojeni, mchere wa m'nthaka umene mvula yambiri imautsitsa msanga pansi m'dothi la mchenga, ndipo mbewu ikausowa imautenga m'masamba akale n'kupereka ku atsopano. N'chifukwa chake chikasu chimayambira m'munsi. Anawonjeza kuti masamba a chimanga chaching'ono akachita pepo m'mphepete ndiye kuti chikusowa fosifolasi, akapsa m'mbalimbali ndi potaziyamu, ndipo timizere tachikasu todukizadukiza ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo. Zonsezi mlangizi amaziwerenga pa mtundu wa tsamba. Anatulutsa foni yake nati, “Koma chithunzi chimene munanditumizira si cha munda uno.”

Tinakhala pakhonde pa agogo n'kuyala makina atatu pa mphasa: laputopu yanga, foni ya mlangizi, ndi foni yakale ya mdzukulu wawo wamkulu. Tinatsegula chithunzi chimodzimodzi pa onse atatu. Pa laputopu, popeza kunali masana ndipo kachipangizo ka usiku kanali kozima, chimanga chinaoneka chobiriwira kuposa m'mene ndinachisiyira. Pafoni ya mlangizi chinali chobiriwira kwambiri ngati cha pa kalendala ya kampani ya mbewu. Pafoni ya mdzukulu chinali chotuwa, cholowera ku buluu. Kenaka ndinatsegula chithunzi choyamba, chimene kamera inajambula ndisanachikhudze. Chikasu cha V chinali pomwepo, chooneka bwino ngakhale pa foni yakale ija.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndipo zimene ndinapeza n'zosavuta kumva. Mkati mwa foni, chithunzi ndi mndandanda wa manambala. Chimagawidwa m'timadontho mamiliyoni, ndipo kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, iliyonse kuyambira 0 kufika 255, onena kuchuluka kwa kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. N'chifukwa chake njirayi imatchedwa RGB. Sikirini imawerenga manambalawo n'kuyatsa timagetsi take. Vuto ndi lakuti timagetsi ta sikirini imodzi sitifanana ndi ta inzake. Taganizani za msika kumene chimanga amagulitsa pa ndowa. Mukatuma mwana kuti akagule ndowa ziwiri, mawu anu ndi omveka, koma chimene abwere nacho chidalira kukula kwa ndowa ya wogulitsayo. Nambala 200 ya kubiriwira ili ngati mawu oti “ndowa ziwiri”, ndipo sikirini iliyonse ili ndi ndowa yakeyake.

Opanga makina analiona vutoli kalekale. Mu 1993 makampani angapo anakhazikitsa bungwe la International Color Consortium, limene linakonza njira yoti chithunzi chizinyamula kakalata kakang'ono mkati mwake kofotokoza muyeso umene manambala ake akutsata. Mu 1996 makampani a HP ndi Microsoft anakonza muyeso wotchedwa sRGB kuti ukhale ndowa yogwirizana ya makompyuta wamba ndi intaneti, ndipo mpaka lero makina akalandira chithunzi chopanda kakalata kaja, kawirikawiri amangochitenga ngati cha sRGB. Palinso miyeso ina yotakata, monga Adobe RGB wa 1998 ndi Display P3 amene ali m'mafoni ambiri okwera mtengo. Miyeso imeneyi imatha kusunga kubiriwira ndi kufiira kozama kuposa sRGB. Koma chithunzi chosungidwa m'muyeso wotakata chikataya kakalata kake panjira, chimafika kwa mnzanu chofwifwa. Ndipo chithunzi cha sRGB chikatsegulidwa pa sikirini yotakata imene sikulabadira kakalatako, mitundu yake imakolera mopitirira.

Pamwamba pa zimenezi pali zimene mwini foni amasankha, mwina osadziwa. Mafoni ambiri amachoka kufakitale atatcheredwa kuti mitundu izioneka yowala kwambiri, chifukwa foni yotere imakopa ogula m'sitolo. Foni ya mlangizi wathu inali yotcheredwa chomwecho. Ena amachepetsa kuwala kuti batire ikhalitse, makamaka kuno kumene magetsi amathimathima. Ngakhale kamera yeniyeniyo imaganizira yokha za mtundu wa kuwala kumene kulipo n'kukonza chithunzi musanachione. Ndipo pamapeto pali diso la munthu, limene nalo limadzisintha. Pepala loyera timaliona loyera masana, timalionanso loyera pa kandulo, pamene kuwala kochokera papepalapo n'kosiyana kotheratu. Mu February 2015 chithunzi cha diresi lina chinazunguza dziko lonse pa intaneti, ena akuti ndi loyera ndi lagolide, ena akuti ndi labuluu ndi lakuda. Diresilo linali labuluu ndi lakuda, koma ubongo wa aliyense unkaganizira mosiyana za kuwala kumene linajambulidwamo.

Chilankhulo nacho chili ndi mbali yake. M'Chichewa mitundu yokhala ndi mawu akeake akale ndi kuyera, kuda ndi kufiira. Ina timaitchula poyerekeza ndi zinthu: chikasu ndi dzina la chomera cha muzu wa mtundu umenewo, ndipo chotuwa timati n'chonga phulusa. Anansi athu olankhula Chindebele amagwiritsa mawu amodzi, oti luhlaza, ponena za udzu ndi za thambo lomwe. Tsono mlimi akanena pafoni kuti masamba “afiira”, mlangizi ayenera kufunsitsa ngati akunena za pepo, za chikasu kapena za kuuma. Ambiri tinkaganiza kuti chithunzi chathetsa chisokonezo chimenechi, koma chimachithetsa pokhapokha ngati mtundu umene wachoka kumunda ndi womwewo umene wafika m'maso mwa mlangizi.

Chithunzi chikapita kukasindikizidwa pa pepala, nkhani imasinthanso. Sikirini imatulutsa kuwala, pamene pepala limangobweza kuwala kumene lalandira, ndipo makina osindikizira amasakaniza inki za mitundu inayi zimene amazitchula mwachidule kuti CMYK. Pali mitundu yowala ya pa sikirini imene inki singathe kuitulutsa. Izi ndinaziona mu 2022 pokonza chikalata cha pakhoma chophunzitsa amayi kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka MUAC, kamene kamagwiritsidwa ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Pa kalambako, muyeso wosafika masentimita 11.5 uli pofiira ndipo mwana wotere afunika kuchipatala msanga, kuyambira 11.5 mpaka 12.5 ndi pachikasu, ndipo kupitirira apo ndi pobiriwira. Popeza ndinali nditapsa kale ndi nkhani ya agogo, ndinapempha kuti andisindikizire pepala limodzi loyesera. Chikasu chimene ndinasankha pa kompyuta chinatuluka ngati lalanje lakupsa, ndipo m'chipinda cha mdima pang'ono chinali chovuta kuchisiyanitsa ndi kufiira. Ndinachikonza tisanasindikize zikalata zonse, ndipo ndinawonjeza manambala akuluakulu pambali pa mtundu uliwonse.

Kwa ife anthu akuda nkhani ya mitundu ili ndi mbiri yakenso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, otsuka mafilimu ankatchera makina awo poyerekeza ndi khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley. Katswiri wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba mu 2009 kuti kusintha kunabwera mwa zina chifukwa opanga mipando yamatabwa ndi chokoleti anadandaula kuti katundu wawo wa mitundu yoderapo sankaoneka bwino pa zithunzi. Khadi lokhala ndi akazi a makhungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Amene muli ndi zithunzi zakale za maukwati mukudziwa m'mene diresi la mkwatibwi linkaonekera mwatsatanetsatane pamene nkhope yake inali mdima wokhawokha. Lero makamera asintha, koma wokonza chithunzi pa sikirini yowala kwambiri akhoza kuchidetsa, nkhope n'kufika kwa owerenga yopanda maso. Wina pofuna kupewa zimenezo amawalitsa mopitirira, ndipo mayi wathanzi amatuluka wotuwa ngati wodwala. Munthu amene watilola kumujambula ali ndi ufulu wodzizindikira pa chithunzicho.

Pano ndiyenera kuvomera chinthu china chimene si cha makina. Chizolowezi changa chobiriwiritsa minda chinali ndi gwero. M'ntchito yathu, chithunzi cha munda wobiriwira chimauza opereka thandizo kuti ndalama zawo zagwira ntchito, ndipo chithunzi cha munda wouma chimawauza kuti thandizo likufunikabe. Yesero limakhalapo la kukankhira mtundu mbali imene lipoti likufuna, pang'ono chabe, mpaka dzanja limazolowera kuchita zimenezo mutu usanaganize. Palibe bwana amene anandiuzapo kuti ndiname. Ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo ndinkazitcha luso. Pa usiku uja wa January dzanja langa silinasiyanitse chithunzi chokakongoletsa tsamba la lipoti ndi chithunzi chimene munthu akagamulirepo za chakudya cha ana atatu.

Tsopano m'gulu lathu tili ndi malamulo ochepa amene tinagwirizana, ndipo loyamba ndi lakuti chithunzi chopita kwa mlangizi kapena kwa wa zaumoyo sichikonzedwa ngakhale pang'ono. Chimapita monga chatulukira mu kamera, popanda zokongoletsa zimene mafoni amakhala nazo. Timajambula m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kapena kukakhala mitambo, ndipo dzuwa likawala kwambiri wojambula amatchinga tsamba ndi mthunzi wa thupi lake. Sitijambula dzuwa likutuluka kapena likulowa, ndipo sitiyatsa kagetsi ka kamera. Tisanajambule timapukuta diso la kamera ndi nsalu yofewa, pakuti mafuta a zala amachititsa chifunga. Timatenga zithunzi zitatu: munda wonse, phata limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi tsamba lodwala pafupi.

Lamulo lachiwiri ndi limene latithandiza koposa, ndipo silifuna ndalama. M'chithunzi chilichonse timaikamo chinthu chimene mtundu wake aliyense akuudziwa, ndicho pepala loyera la m'kope, ndipo pambali pa tsamba lodwala timagoneka tsamba labwino lothyoledwa pa phata lathanzi. Mlangizi akaona kuti pepalalo likuoneka lachikasu kapena labuluu pafoni yake, amadziwa kuti kuwala kapena sikirini yasokoneza, ndipo amachenjera. Kusiyana kwa masamba awiriwo kumaonekabe pa sikirini iliyonse, chifukwa onse awiri asokonezedwa mofanana. Nzeru imeneyi si yachilendo. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, ku Philippines, linafalitsa pakati pa alimi a ku Asia kapulasitiki kokhala ndi mizere ya kubiriwira kosiyanasiyana, kamene mlimi amakayerekeza ndi tsamba la mpunga mu mthunzi wa thupi lake kuti adziwe nthawi yothira feteleza. Diso la munthu limalephera kukumbukira mtundu, koma limachita bwino kwambiri poyerekeza zinthu ziwiri zogundana.

Lachitatu likukhudza katumizidwe. WhatsApp, monga mapulogalamu ena otumizirana mauthenga, imachepetsa kukula kwa chithunzi kuti chiyende msanga ndi kusunga data. Pa zithunzi za pa chikondwerero palibe vuto, koma timizere ta pa tsamba kapena timazira ta ntchemberezandonda tikhoza kufufutika. Chithunzi chofunika timachitumiza ngati chikalata, njira imene imachifikitsa monga chilili, ngakhale imadya data yochulukirapo. Ndipo chithunzi sichiyenda chokha. Chimatsagana ndi mawu a mlimi: tsiku limene anabzala, chimene anathira, m'mene mvula yagwera, masamba amene ayamba kusintha ndi a m'munsi kapena a m'mwamba. Mawu a mlimi akatsutsana ndi chithunzi, mlangizi amaimba foni kapena amapempha chithunzi china asanayankhe. Safunsa anadya phula.

Kwa anzanga okonza zithunzi za m'malipoti, m'manyuzi ndi pa zikalata za pakhoma, zimene ndimachita ndi izi. Ndisanayambe ndimazimitsa kachipangizo ka usiku, ndimaika kuwala kwa sikirini pakatikati, ndipo ndimagwira ntchitoyi masana m'chipinda chimene dzuwa silikuwomba pa sikirini. Chithunzi choyamba ndimachisunga padera osachikhudza, ndipo ndimakonza kope lake. Potulutsa chithunzi chopita pa intaneti kapena pafoni, ndimasankha JPEG, ndimachisandutsa kukhala cha sRGB, ndipo ndimaonetsetsa kuti kakalata ka muyeso kalowa nawo. Ndikatero ndimachitumiza pa foni yotsika mtengo yonga imene owerenga athu ambiri ali nayo, n'kuchiyang'ana panja ndi m'nyumba. Ngati n'chokasindikiza, ndimafunsa osindikiza muyeso umene akufuna, ndipo sindivomera ntchito ndisanagwire pepala loyesera m'manja. Ofesi imene ingakwanitse igule kachida koyezera sikirini, kamene kamagonekedwa pagalasi n'kuwerenga mitundu, ndipo maofesi angapo akhoza kubwerekana kamodzi. Simungathe kulamulira sikirini ya munthu aliyense, koma mungathe kuonetsetsa kuti chimene chachoka kwa inu n'choona ndiponso chili pa muyeso wodziwika.

Chaka cha 2021 chinali cha zokolola zambiri mu Zimbabwe. Boma linalengeza kuti dziko likolola chimanga pafupifupi matani 2.7 miliyoni, ndipo ku Cowdray Park anthu ankayanika chimanga pa madenga ndi m'mabwalo. Agogo anakolola thumba limodzi ndi theka, zambiri zili zitsononkho za njere zowerengeka. Mlangizi anayesa kundilimbitsa mtima ponena kuti mvula ya chaka chimenecho ikanakokolola gawo lina la fetelezayo ngakhale akanathira. Ndinamva, koma sizinachotse mfundo yakuti agogo anafunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera, ndipo yankho linamangidwa pa umboni umene ine ndinaupotoza. Nkhuku zimene ndinkati ndapulumutsa zinadzagulitsidwabe mu September kuti agule ufa.

Ndinapita kukawauza zonse. Ndinawaonetsa zithunzi ziwiri zija moyandikana, choyamba ndi chokonzedwa, n'kuwafotokozera chimene ndinachita. Anayang'ana nthawi yaitali, akusendeza foni kutali ndi maso. Kenaka anaseka pang'ono nati, “Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma ndiwe mwana wabwino poti wabwera kudzanena. Tsiku lina ndikadzakuuza kuti chimanga sichikundisangalatsa, udzalembe mawu angawo pansi pa chithunzi chakocho.” Nyengo yotsatira ndinawagulira feteleza wobereketsa ndi ndalama zanga. Anakana kawiri, kachitatu analandira.

Inu alimi, chithunzi ndi chida chabwino, ndipo pamene alangizi ndi ochepa ndi mitunda ndi yaitali, chimapulumutsa mbewu ndi ziweto zambiri. Pitirizani kujambula ndi kutumiza. Koma yankho likabwera losemphana ndi zimene maso anu akuona m'munda, musagonje msanga. Jambulaninso m'mawa, ikanipo pepala loyera ndi tsamba labwino, ndipo nenani zimene mukuona m'mawu anuanu. Inu anzanga ogwira ntchito m'madera, musanakhudze mtundu wa chithunzi dzifunseni kuti ndani akachiona, pa makina otani, ndipo akagamula chiyani akachiona.

Agogo akadalimabe kamunda kaja. Kuseri kwa chitseko chawo kuli pepala loyera lokutidwa m'pulasitiki, lopachikidwa pa msomali pamodzi ndi chipewa chawo cha kumunda. Ndikafika ndi kamera amalitenga okha, amasankha okha masamba awiri, ndipo sandilola kujambula dzuwa likapendeka.